NyaChimbuzi ndi Kaphiri Kake

Elube Banda anabadwira kufupi ndi Nkhamenya, kumpoto kwa Kasungu, koma zaka zake zambiri wathera kumwera kwa Mzimba, m'mudzi wina kuseri kwa Embangweni, kumene anakwatiwa akadali mtsikana. Kumeneko mkazi amaitanidwa ndi chiwongo cha bambo ake, choncho iye anakhala NyaBanda. Chitumbuka anachiphunzira mpaka kumachilankhula ngati mbadwa, koma akapsa mtima chimamuthawa, n'kubwerera ku Chichewa cha kwawo. Anthu a m'mudzimo Chichewa chakecho achimva kwambiri, chifukwa Elube amapsa mtima kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri pamakhala chifukwa chomveka.

Mwamuna wake, Stafford Hara, anali munthu wofatsa mopitirira muyeso. Banja la a Hara linali ndi munda wachonde kudambo, ng'ombe zingapo, ndi kaphiri kamene kanali kuseri kwa nyumba. Pamene Elube ankafika, kaphiriko kanali kakuda ndi mitengo: miombo, mitondo, misuku. Nkhuni sankazifuna kutali, ndipo nthawi ya masuku ana ankachita kutopa nawo.

Kenako mkulu wake wa Stafford, dzina lake Lyford, anayamba kulima fodya wochita kuwotcha m'mabani. Mabaniwo ankameza nkhuni usana ndi usiku. Chaka chimene fodya anagwa mtengo, Lyford anatembenukira ku makala. Mitengo ikuluikulu itatha anayamba ing'onoing'ono, nayonso itatha anakumba zitsa. Elube ankalankhula, koma pa nkhani ya malo mawu a mkazi wochita kubwera sapita patali. Akamuuza Stafford kuti achitepo kanthu, iye ankangoti, "Ndi akulu anga aja, ndingawauze chiyani?"

Mvula inachita zimene imachita ikapeza phiri lili maliseche. Dothi lonse labwino linatsikira kudambo. Pamwamba panatsala miyala, zigwembe, ndi nthaka yofiira yolimba ngati njerwa yowotcha, yoti ukamenya khasu limachita kudumpha.

Stafford anapita kukagwira ganyu yopakira matabwa ku Chikangawa. Tsiku lina lole imene anakwera pamwamba pake inagubuduzika pamsewu waukulu, ndipo anabwera naye kumudzi ali m'bokosi. Anasiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, Temwa, amene panthawiyo anali ku sekondale.

Maliro atatha, Lyford anamuitana Elube pakhonde pake, achibale ena ali pomwepo.

"Mulamu, ife sitikukuthamangitsani," anatero. "Nyumba ndi yanu, khalani. Koma dambo ndi ng'ombe ndi za fuko, ndipo Stafford sanasiye mwana wamwamuna. Inu muzilima kaphiri kaja."

"Kaphiri kake kati, alamu? Kamene munakameta inu kaja?"

"Ndi malo aakulu chomene."

"Ndizilimapo chiyani, miyala?"

"Mbwenu mudzaona nokha," anatero Lyford, n'kudzuka.

Elube anayang'ana achibale aja mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana zala zake zakumapazi. Anthu amenewa anali atadya chakudya cha m'manja mwake kwa zaka zoposa makumi awiri.

Chaka chimenecho anayesa kubzala chimanga pakaphiripo. Chinakula kufika m'mawondo, n'kuchita chikasu, n'kuuma chisanamasule. Chaka chotsatira anatseka nyumba n'kupita ku Mzimba boma kukasaka ntchito. Anachapa zovala m'makomo, anagulitsako zitumbuwa pa depoti, zonse zosapindula. Kenako anamva kuti pali ntchito ina imene anthu amaithawa.

Kunja kwa tauni, kampani ina yaing'ono yopopa zimbudzi inali ndi malo ake. Woyang'anira malowo anali bambo wina wa imvi zapatalipatali, Richard Mvula, munthu wosachedwa ndi mawu. Anamupatsa Elube majombo, magolovesi, fosholo ndi kansalu kotseka pamphuno, n'kumuonetsa ntchito. Galimoto ikabwera kuchokera m'makomo ndi m'masukulu, inkakhuthula matope ake m'mabedi a simenti okhala ndi mchenga pansi. Madzi ankasefekera m'madamu, matope n'kutsala pamwamba kuti dzuwa liwaumitse. Akauma n'kung'ambika, antchito ankawapala ndi mafosholo, kuwasakaniza ndi utuchi wochokera kumacheka ndiponso mapesi, n'kuwaunjika milu. Mulu unkatentha mkati mpaka kufuka nthunzi ukaufukula. Ankautembenuza, kuusiya, kuutembenuzanso, kwa miyezi yambirimbiri.

Masiku oyamba Elube ankasanza, ndipo chakudya sichinkalowa. Anzake amene anayamba nawo limodzi anasiya sabata isanathe. Iye akaganiza zosiya, ankakumbukira khonde la Lyford ndi anthu oyang'ana zala aja, n'kubaya fosholo mwamphamvu.

Tsiku lina Richard anamutengera kumapeto kwa malowo, kumene kunali milu yakale. Anatapa ndi dzanja n'kumupatsa kuti anunkhize. Linali dothi lakuda, lofewa, la fungo ngati la pansi pa tchire mvula ikangogwa.

"Izi ndi zomwe zija?" anafunsa Elube.

"Zomwe zija. Koma mvetsetsani, mayi Banda. Chimene chimapha tizilombo ndi mazira a njoka za m'mimba ndi kutentha kuja, ndi nthawi. Mukachita changu n'kutenga zosapsa, mwapha anthu. Ndipo ngakhale zapsa chonchi, ine sindilola kuti munthu athire pa ndiwo zodya zaziwisi. Awa ndi manyowa a mitengo, ndi a malo amene anafa."

"Nanga bwanji angounjikana pano?"

"Angawatenge ndani? Ndikawauza anthu kumene achokera, amalavula."

"Malo akufa ine ndili nawo," anatero Elube.

Richard anamulola kutenga mmene angathere. Elube anagwirizana ndi dalaivala wina amene ankapita ku Embangweni lole ili yopanda kanthu kukatenga chimanga, kuti azimunyamulira matumba. Dalaivalayo ankawatsitsa pamsewu. Kuchokera pamenepo kukafika kukaphiri panafunika ngolo, koma eni ngolo onse anali ndi zifukwa: wina ng'ombe yadwala, wina tayala laphulika. Elube anabwereka wilibala kuntchito n'kumakankha yekha.

Loweruka lililonse m'nyengo yotentha ankakwera kaphiriko ndi piki. Ankakumba maenje akuya m'nthaka yolimbayo, kusakaniza dothi lofiira ndi manyowa akuda aja, n'kubwezeramo. Miyala imene inkamupweteka ija anaindandalika m'mizere yopingasa kuti madzi asamathamange. Mvula itayamba anabzala misangu, mithethe, mbawa, kesha wokula msanga, ndi misuku imene anafesa yekha m'timachubu.

Sanabise kanthu, ndipo mwina pamenepo ndi pamene anadzipalira moto. Mnzake wapamtima m'mudzimo anali Kezia, mkazi wa Jason Hara yemwe anali msuweni wa Stafford. Kezia anakwera tsiku lina kudzamuona akugwira ntchito, n'kutapa manyowawo ndi dzanja.

"Dothi labwino chomene ili. Mwalitenga kuti, NyaBanda?"

Elube anamuuza zonse, kuyambira pa galimoto yopopa mpaka pa milu yofuka nthunzi. Kezia anataya dothilo, napukuta dzanja pachitenje, napukutanso, n'kutsika osatsanzika.

Pofika Lamulungu, benchi imene Elube anakhalapo m'tchalitchi inali ndi malo ambiri. Kuchitsime, akatunga madzi, wobwera pambuyo pake ankatsuka chingwe. Pamaliro ena anapita kumene amayi ankaphika, monga ankachitira zaka zonse, koma mayi wina anamuimitsa.

"Ndapota, mama, inu kakhaleni uko. Kuno tilipo ambiri."

Ana anayamba kumuitana NyaChimbuzi, ndipo ana sapeka okha mayina otere. Tsiku limene anamva dzinalo kuchokera pakamwa pa munthu wamkulu kuchitsime, anatula ndowa pansi.

"Nonsenu muli ndi zimbudzi kuseri kwa nyumba," anatero. "Chikadzaza mumachikwirira n'kubzalapo papaya. Mapapayawo mumadya, ena mumapatsa abusa. Ine zanga ndimachita kuziphika miyezi, ndipo ndikuthira pamitengo yakutchire. Wauve ndani pano?"

Palibe amene anasintha.

Chaka choyamba mitengo yambiri inafa. Ina inauma ndi dzuwa, ina inadyedwa ndi mbuzi zimene eni ake ankazikusira dala chakumeneko. Elube anadula minga n'kutchinga uliwonse umene unatsala, anabweretsa matumba ena, anabzalanso. Chaka chachiwiri udzu unayamba kumera m'mphepete mwa maenje ndi kuseri kwa mizere ya miyala ija. Chaka chachitatu munthu akaima pamsewu ankaona kuti kaphiri kasintha mtundu. Kesha anali atapitirira mutu wa munthu, mithethe ikuyamba kupanga mthunzi, ndipo madzi otsika m'chigwembe chachikulu sanalinso ofiira ngati kale. Temwa anali atamaliza sukulu n'kupeza ntchito ku Mzuzu.

Nthawi imeneyo feteleza anali atakwera mtengo moti ambiri anangomusiya. Munda wa fodya wa Lyford kudambo nawo unali utayamba kuguga. Tsiku lina Lyford anakwera kaphiriko manja ali kumbuyo, nayendayenda pakati pa mitengo, napalasa dothi ndi nsonga ya nsapato.

"Kodi zinthu zanuzi zimagwiranso ku fodya, mulamu?"

"Zimagwira zikapsa. Mukafunsa ngati munthu wofuna kumva, ndikuuzani mmene zimakhalira."

Lyford anaseka. "Ine ndiphunzire za chimbudzi kwa inu?" Anatsika akusekabe.

Mvula ya kumayambiriro kwa 2023 inabwera ndi kolera m'madera ambiri a dziko. M'mudzi wa a Hara mjigo unali utawonongeka, ndipo anthu onse ankamwa madzi a chitsime cha kudambo. M'sabata imodzi anthu angapo anayamba kutsegula m'mimba, n'kuwathamangira nawo kuchipatala pa njinga ndi pa ngolo. Ena anachira. Jason, mwamuna wa Kezia, anadwala m'mawa ali kumunda, ndipo tsiku lotsatira anali atapita.

Azaumoyo sanalole mwambo wautali. Anamuika mofulumira, wopanda kusambitsa, wopanda kuona nkhope. Anthu anachoka kumanda mitima ili yowawa, makasu akadali m'manja. Elube anali pakati pawo. Anamva wina kumbuyo akunena m'Chitumbuka kuti matendawa sanagwe kumwamba, atsika kuphiri ndi madzi a mvula. Wina anavomera. Asanazindikire, gulu lonse linali litasiya njira ya kumudzi n'kulowera kukaphiri.

Anathamanga kukawatsogolera, naima pa mzere woyamba wa miyala manja atatambasula.

"Mukufuna chiyani kuno? Mitengo yakulakwirani chiyani?"

Amayi awiri anamugwira mikono. Amuna anadutsa. Anamva zikwanje zikulira pa kesha, makasu akufukula maenje amene iye anakumba ndi piki dzuwa likuswa mtengo. Matumba a manyowa amene anali pansi pa chisakasa anawang'amba n'kuwakankhira m'chigwembe. Kezia, chitenje cha maliro chili kumutu, ankazula timisuku ndi manja, akulira, kumatitaya kutali. Ndipo pakati pa onsewo panali Lyford, nkhwangwa ili m'manja, akuloza anyamata mitengo imene aisiya.

Elube anatukwana mpaka mawu anamuthera. Anawatchula mayina mmodzimmodzi, ndi mayina a makolo awo. Anawafunsa kumene anali pamene nkhwangwa yomweyo inkagwetsa miombo, ndi chifukwa chake sanakwere ndi makasu tsiku limenelo. Dzuwa lisanapendeke, ntchito yake ya zaka zitatu inali gonegone pansi.

Kutacha sanapite kukaphiri. Ankadziwa kuti madzi a kumeneko amatsikira mbali ya kum'mawa kwa dambo, pamene chitsime chili kumadzulo kwake. Anavala majombo ake a kuntchito, napita kuchitsime, nayamba kutsata kamtsinje kodutsa pafupi ndi chitsimecho, kukwera nako. Sanayende mtunda wautali asanamve fungo. Fungo limenelo sakanalisokoneza ndi lina lililonse, pakuti ankalimva tsiku ndi tsiku galimoto ikamakhuthula. Linali la zaziwisi.

M'mphepete mwa munda wa fodya wa Lyford, kuseri kwa tsekera wamtali, munali dzenje lalikulu losaya. Linali litadzaza n'kusefukira ndi mvula. Pamwamba pankayandama nsanza ndi mapulasitiki, ntchentche zili ng'waa. Matayala a galimoto yolemera anali atasiya mikwingwirima m'matope kuchokera kumsewu. Kanjira kakuda kankachoka padzenjepo, kudutsa mu udzu, n'kukalowa m'kamtsinje kaja pamwamba pa chitsime.

Pomwepo Elube anaimbira foni Richard.

Richard anafika masana pa njinga yamoto, atatengana ndi mayi wina wa zaumoyo. Elube sanadikire kuti anthu aitanidwe mwaulemu. Anayenda khomo ndi khomo akumenya chitini, kuuza aliyense amene anali kukaphiri dzulo lake kuti abwere adzaone. Anabwera, ena chifukwa cha manyazi, ena chifukwa chofuna kuona. Lyford anafika pomalizira.

Nkhani inatuluka mosavuta. Panali dalaivala wina, wosakhala wa kampani ya Richard, amene ankapopa zimbudzi za pamsika wina wapafupi. Ulendo wokataya kutauni unkamutalikira. Lyford anakumana naye n'kumuuza kuti azidzakhuthula m'munda mwake, kuti madzi ake azithirira fodya.

"Ine ndimayesa n'zimodzimodzi," anatero Lyford, maso ali kwa mayi wa zaumoyo uja. "Si zomwezi amathira mulamu wangayu kuphiri? Iye ndiye anayambitsa zimenezi pamudzi pano."

Elube anayenda mpaka kuima pafupi naye kwambiri.

"Ndinakuuzani kuti funsani. Munaseka. Munaona kuti kufunsa mkazi wamasiye n'kochititsa manyazi kuposa kuthira manyi aawisi pamwamba pa madzi amene ana anu omwe amamwa. Ndipo dzulo, alamu, pamene munkaloza mitengo yanga ndi nkhwangwa, munkadziwa kuti dzenje ili lilipo. Munkadziwa. Munaima pamanda a Jason mukudziwa, munakwera phiri mukudziwa."

Mayi wa zaumoyo anatseka chitsimecho, anagawa mankhwala othira m'madzi, nalamula kuti dzenjelo lithiridwe laimu n'kukwiriridwa tsiku lomwelo. Ananena poyera kuti sangalumbire kuti kolera inayambira pamenepo, popeza matendawa anali ponseponse, koma kuti madzi a chitsime aipitsidwa ndi dzenjelo, osati ndi kaphiri. Richard anatapa manyowa otsala m'thumba long'ambika, nawanyamula m'manja opanda magolovesi kuti onse aone, n'kufotokoza kusiyana kwake. Anthu anamvetsera mwaulemu, monga amamvetserera mwamuna wochokera kutauni. Elube anali atanena zomwezo kwa zaka zitatu.

Dalaivala uja sanaonekenso. Patapita masabata angapo, akuluakulu a banja anaitanitsa msonkhano. Analankhula nthawi yaitali za magazi amodzi, za kuti zagwa zatha, za kuti munthu salakwira mtengo koma mnzake. Anagamula kuti Lyford apereke mbuzi kwa Elube, awiriwo agwirane chanza, nkhani ithere pomwepo. Mbuziyo inali itamangidwa kale pamtengo.

"Mbuzi imeneyo mukufuna ikamalize timitengo totsalato?" anafunsa Elube.

"Mama, landirani. Ndi mwambo," anatero mkulu wina.

"Munthu wafa, phiri lagwetsedwa kachiwiri ndi munthu yemweyo, inu mukuti mbuzi. Amene anakwera ndi zikwanje aja ali kuti? Abwere adzakumbe maenje amene anafukula. Akatero ndidzamva za mwambo."

Lyford anali atatambasula kale dzanja. Elube analiyang'ana, nadzuka, napita kwawo. Kuyambira tsiku limenelo anthu anawonjezera mlandu wina pa dzina lake: kuti ndi mkazi wosakhululuka. Wodzakumba dzenje sanabwere ngakhale mmodzi.

Amene anabwera anali Kezia. Anamupeza Elube akuyenda pakati pa zitsa, akuyang'ana zimene zingaphukenso. Kezia anali ataonda, ndipo anaima chapatali.

"Sindinabwere kudzapepesa, NyaBanda," anatero. "Inu mwataya mitengo. Ine ndataya mwamuna."

Elube anali ndi mawu ambiri amene anakonzera Kezia, koma onse anawasiya. Anangoti, "Ndiye kwiyirani amene anamupha."

"Ndikwiye ndi a Lyford? Munda umene ndimalima ndi iwo akugawa. Mawa akuitana achibale kuti akambe za katundu wa Jason. Ana anga ndi atsikana okhaokha. Ndikatsegula pakamwa, ndidyetsa chiyani ana?"

Atanena zimenezo anatsika. Elube anakhala pamwala nthawi yaitali. Khonde la Lyford ankalidziwa, ndi mawu amene akanenedwe ankawadziwa, ngakhale malo amene aliyense akakhale.

M'mawa mwake anapita, ngakhale sanaitanidwe. Anakhala pansi pafupi ndi Kezia, miyendo atatambasula. Lyford atangoyamba kunena kuti iwo sakuthamangitsa munthu, Elube anamudula.

"Musanapitirize, alamu. Munda wa Jason ukhala wa mkazi wake ndi ana ake, wonse, ndi ng'ombe zake ziwiri. Mukachotsapo ngakhale mzere umodzi, ine mawa ndikwera galimoto. Mayi wa zaumoyo uja alipo, a Mvula alipo, dzenje lija ngakhale munakwirira likudziwika pamene lili. Ndikayamba kwa apolisi, ndikathera ku wailesi. Ndilibe china choti mundilande, ndiye musayese kuti ndikukuopsezani chabe."

"Nkhani iyi si yanu, mulamu."

"Inakhala yanga tsiku limene munakwera phiri langa."

Achibale anayang'anizana. Mkulu wina anatsokomola n'kunena kuti mwina n'kwanzeru kuti mayi wamasiyeyu apitirize kulima pamene ankalima. Ena anavomera mofulumira. Kezia anatsala ndi munda wake. Potuluka anangoti, "Yewo," kuthokoza m'Chitumbuka, motsitsa mawu, osamuyang'ana Elube kumaso. Mpaka lero amapatsana moni panjira, ndipo nthawi zina Kezia amatumiza dengu la mbatata. Koma sanalowenso m'nyumba ya Elube, ndipo madzi a kumeneko samwa.

Zitsa zambiri za kesha ndi mithethe zinaphukanso, chifukwa mizu inali itagwira kale m'manyowa aja. Misuku ndi mbawa zinatheratu, ndipo Elube anayambiranso kufesa. Anapitiriza kugwira ntchito kutauni masiku ena pa sabata, kutembenuza milu, kukankha wilibala Loweruka. Msana tsopano umamuvuta, ndipo dzanja lamanja silifumbata bwino m'mawa.

Anthu a midzi ina, amene sanali nawo pa za tsiku lija, anayamba kubwera kudzaona kaphiriko. Ena ali ndi malo ometedwa ngati akewo, chakumalire ndi Kasungu kumene mabani anamaliza tchire. Elube amawaonetsa, koma sawanyengerera. Amayamba wawatengera pamalo pamene panali dzenje la Lyford, n'kuwauza amene anafa ndi mmene anafera. Akatero ndiye amawapatsa manyowa akupsa kuti agwire ndi kununkhiza, n'kuwauza kuti apite kwa Richard, asakayerekeze kugwirizana ndi dalaivala wa m'njira. Wina akayamba kuseka kapena kutseka mphuno, amamuuza kuti njira yotsikira ndi yomwe anakwerera ija.

Chimene chimamudya mtima masiku ano ndi china. Kaphiriko si kake. Anapatsidwa chifukwa kanali kopanda ntchito, ndipo pa mwambo wa kumeneko kakadali ka a Hara. Tsopano kali ndi mitengo yoti munthu angaimike nayo denga kapena kuwotcha makala. Ana aamuna a Lyford, amene akula n'kukwatira, amadutsa m'munsi mwake akupita kudambo, ndipo Elube amawaona akuchepetsa liwiro, maso ali m'mwamba, akuyeza kunenepa kwa mitengo.

Temwa amaimba foni kuchokera ku Mzuzu pafupifupi sabata iliyonse.

"Amama, bwerani kuno mudzapume. Chipinda chilipo. Anthu amenewo sadzakuthokozani."

"Sindikudikira kuti andithokoze."

"Nanga mukuvutikiranji? Tsiku limene mudzachoke adzadula yonse."

"N'chifukwa chake sindikuchoka."

"Nanga mukadzamwalira?"

"Akadzafuna kudula adzadikire kaye ndife. Ndipo ndikufuna adikire nthawi yaitali."

Chilimwe chathachi Elube anaumba njerwa m'munsi mwa kaphiri, nazikweza pang'onopang'ono pa wilibala. Akumanga kanyumba ka chipinda chimodzi pamwamba penipeni, pakati pa mithethe, pamene angathe kuona mbali zonse ndi kumva nkhwangwa ikangolira koyamba. Lyford anatumiza uthenga woti munthu samanga pamalo a fuko osapempha. Elube anauza wobweretsa uthengayo kuti akawauze abwere okha adzanene, ndipo makoma afika kale pawindo.